Ku Ndirande tikuwotcha wakuba, wogula katunduyo tikumupatsa moni

Kanema wa munthu amene wagwidwa akuba akangoyamba kuyenda m'magulu a WhatsApp, mtsutso wake umakhala umodzimodzi. Ena amalemba kuti amuchita bwino, anthu amenewa atitopetsa. Ena amafunsa ngati moyo wa munthu wafika pofanana ndi mtengo wa foni. Madzulo ake mneneri wa apolisi amachenjeza pa wailesi kuti anthu asamatengere lamulo m'manja mwawo, ndipo pakapita masiku awiri nkhaniyo imazilala mpaka adzagwidwe wina. Ku Ndirande mtsutso umenewu suthera pa foni. Umapitirira mu minibasi, pa kiyosiki ya madzi ngakhale pa maliro, ndipo mawu amene akumveka kwambiri masiku ano ndi akuti mbava imamva moto basi.

Ine ndikukana. Kumenya ndi kuwotcha oganiziridwa sikuchepetsa umbava ku Ndirande, ndipo kumaika pachiswe anthu omwewo amene akuti akudziteteza. Zimene zimalera umbava m'tauni ngati ino ndi msika wa katundu wakuba, mdima wa m'tinjira, ndi milandu yofera panjira chifukwa mboni sizinabwere kukhoti. Zonsezi tingathe kuchitapo kanthu, koma tayala ndi petulo sizikhudza ngakhale chimodzi mwa izo. Ndikudziwa kuti olankhula zowotchawa si anthu oipa mtima. Ambiri ndi anthu amene anabooleredwapo khoma usiku, amene analandidwa mpamba wonse wa geni akuchokera kumsika, amene mwana wawo anatemedwa ndi chikwanje chifukwa cha kafoni ka mabatani. Mfundo zawo n'zoyenera kuzimva ndi kuziyankha bwinobwino.

Mfundo yawo yoyamba, imenenso ili yolemera kuposa zonse, ndi ya belo. Amati tikamugwira n'kupita naye kupolisi, mawa lake timakumana naye pamsika akutiloza chala, nanga tivutikirenji? Dandaulo limeneli si lopeka, ndipo aliyense amene anaonapo womubera akuyenda mwamatama m'mudzi akudziwa kuwawa kwake. Koma tiyeni tione pamene mlandu umafera. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati munthu womangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndiponso kuti ali ndi ufulu wotuluka pa belo pokhapokha ngati chilungamo chikufuna kuti asungidwe. Wotuluka pa belo mlandu wake umakhala ulipobe, tsiku lokaonekera litaikidwa kale. Komanso lamulo lotsogolera nkhani za belo limapatsa khoti mphamvu yokana belo ngati pali umboni woti munthuyo athawa, aopseza mboni kapena avulaza anthu. Nanga umboni umenewo amaupereka ndani? Woimira boma pa mlandu sagona ku Goliyo kapena ku Safarao. Sangadziwe kuti mnyamatayu aka si koyamba kugwidwa, kapena kuti abale ake akuyenda m'makomo kuopseza anthu, ngati wa m'mudzi sanapite kukamuuza. Chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti wobedwa akangolandira TV yake amaona ngati nkhani yatha. Kukhoti sapitanso, ndipo sindikumudzudzula kwambiri, pakuti tsiku losapita ku geni ndi tsiku logona ndi njala, pamene mlandu ukhoza kuimitsidwa kangapo. Pa chinamtindi cha anthu amene anathamanga atamva “wakuba uyoo!” sapezeka ndi mmodzi yemwe wolola kulembetsa dzina ngati mboni. Majisitireti sangamange munthu popanda umboni, choncho amamumasula, ife n'kumati apolisi adya ndalama.

Sindikunena kuti ziphuphu kulibe. Zilipo, ndipo n'chifukwa chake lamulo la apolisi la 2010 linakhazikitsa ofesi yoima payokha yolandira madandaulo okhudza apolisi, ya Independent Complaints Commission, ngakhale kuti inatenga zaka pafupifupi 10 kuti iyambe kugwira ntchito. Koma wapolisi wokonda ziphuphu amakondwera ndi mlandu umene palibe akuulondola. Mlandu umene mfumu, wapampando wa chitetezo cha m'mudzi ndi mboni zake akubwera kudzaufunsa sabata ndi sabata, atagwira nambala yake m'manja, ndi wovuta kuukwirira. Ndipo ngati chimalepheretsa mboni ndi ndalama ya minibasi, bwanji gawo la ndalama imene timasonkha ya chitetezo mwezi ndi mwezi lisamapite kumeneko?

Mfundo yachiwiri ndi ya mantha. Amati akangowotchedwa mmodzi, m'mudzi mumakhala bata kwa milungu ingapo, ndiye kuti mankhwalawo akugwira. Bata limenelo ndimalivomereza, koma ndi bata lobwereka. Anzake a wowotchedwayo sasiya kuba. Amasamukira ku Mbayani, ku Chilomoni kapena ku Machinjiri mpaka zinthu zizizire, ndipo a kumeneko akawotcha wawo, awo amabwera kuno. Choopsa kwambiri n'chakuti akamabwerera amabwera ataphunzira. Wakuba amene akudziwa kuti akazindikiridwa nkhope afa, sangasiye wamoyo munthu amene wamuona. Amene kale ankangozembera zovala pa chingwe amayamba kuyenda ndi chikwanje, amene ankayenda yekha amafuna anzake. Taonaninso amene gulu limagwira. Ndi wakuba nkhuku, wotsomphola chikwama pa siteji, woledzera amene walephera kuthamanga. Zigawenga zobwera gulu usiku ndi zikwanje ndi zitsulo zothyolera zitseko palibe amazithamangitsa, pakuti anthu akamva chitseko cha mnzawo chikugumulidwa amazimitsa nyali n'kukhala chete, ndipo ndani angawanene? Ndiye moto wathu umagwera ofooka, oopsa enieniwo osawakhudza. Wakuba akamatuluka usiku sawerengera kukula kwa chilango. Amawerengera ngati agwidwe kapena ayi, ndipo malinga ngati pa maulendo ambiri amabwerako bwino, nkhani ya mnzake wowotchedwa amaitenga ngati tsoka la mwini. Takhala tikumva za kuwotcha mbava m'matauni mwathu kuyambira zaka za m'ma 1990. Akanakhala mankhwala, bwenzi pano tikugona zitseko zili pululu.

Tsopano ndifike pamene ndikuona kuti pagona nkhani. Akuluakulu adati khoswe wa padenga adaulula wa padzala. Wakuba wamoyo amene ali m'manja mwa ofufuza akhoza kutchula anzake, akhoza kulozera nyumba imene katundu amasungidwa, ndipo koposa zonse akhoza kutchula amene amamugula. Wakuba wowotchedwa amapita nazo zonsezi kumanda. Munthu amene amapuma mpweya wabwino tsiku limenelo ndi wogula katunduyo, ndipo musadabwe kumupeza ali kutsogolo kwa gulu akufuula kuti bweretsani tayala. Palibe amaba TV kuti akaonere mpira kwawo. Palibe amazula mita ya madzi, kudula mawaya a ESCOM kapena kumasula batire la galimoto kuti akakongoletse nazo pabalaza. Zonsezi zimabedwa chifukwa pofika m'mawa zimakhala zitasanduka ndalama. Njinga yamoto imene wakabaza waphedwera usiku imakhala ndi woiyembekeza kale, kaya yathunthu kaya yophwasulidwa, ndipo popeza njinga zambiri za kabaza zimayenda zopanda nambala, kuizindikira n'kovuta. Mu Blantyre muli nthabwala yoti akakubera galasi la galimoto m'tauni, thamangira ku Ndirande ukaligulenso. Timaseka, koma nthabwala imeneyi imanyozetsa mazana a amalonda oona mtima a mumsika uja, okhoma zidebe ndi mbaula, opala matabwa, ogulitsa zipangizo zimene anagula mwachilungamo. Anthu owerengeka olandira katundu wakuba ndi amene aipitsa dzina la msika wonse, ndipo anzawo a m'mabenchi oyandikana amawadziwa.

Ogula ena ndife tomwe. Mnyamata akakupeza pa siteji n'kukuonetsa foni ya K300,000 akuti mungondipatsa K60,000, yopanda bokosi, yopanda chaja, zithunzi za banja la eni zikadali momwemo, sufunika kuombeza kuti udziwe kumene yachokera. Timagula, n'kupita nayo kwa wokonza mafoni kuti aitsegule, n'kumadzitama kuti tachita mphumi. Sabata yotsatira mlongo wathu akalandidwa yake pa mlatho, ndife oyamba kutola mwala. Gawo 328 la malamulo a milandu limati kulandira katundu ukudziwa kapena uli ndi chifukwa chokhulupirira kuti ndi wakuba ndi mlandu waukulu, wa zaka 14 kundende. Lamulo loyang'anira ogula ndi kugulitsa katundu wakale ndi zitsulo zakutha liliponso. Koma ndi kangati pamene tinamva kuti gulu la anthu lapita kupolisi kukanena kuti pa benchi yakutiyakuti pamafika mafoni usiku? Chimene ndikupempha n'chapafupi. Makomiti a msika, mogwirizana ndi khonsolo ya mzinda ndi apolisi, alamule kuti aliyense wogula foni, TV, batire kapena chitsulo chakale azilemba m'buku dzina la wogulitsa ndi nambala ya chiphaso chake cha unzika. Chiyambire kalembera wa 2017 anthu akuluakulu ambiri ziphasozi ali nazo. Ena adzati zimenezi zivutitsa amalonda osalakwa, koma buku lotere ndi limene lingamupulumutse wamalonda woona mtima tsiku limene apolisi apeza katundu wakuba pa benchi yake. Nafenso eni mafoni, kuimba *#06# kumaonetsa nambala ya IMEI ya foni yako. Kuilemba pa pepala n'kusunga m'nyumba sikulira ndalama, ndipo popanda nambala imeneyo ngakhale foni itapezeka n'kovuta kutsimikiza kuti ndi yako.

Pali chinanso chimene okonda chilango cha pompopompo safuna kuchiyang'ana, ndicho kulakwitsa. Gulu silifunsa mafunso. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zitayamba ku Mulanje ndi ku Phalombe n'kufika mu Blantyre mwezi wa Okutobala, anthu osachepera 9 anaphedwa ndi magulu olusa, mmodzi mwa iwo mnyamata wodwala khunyu. Palibe namapopa ndi mmodzi yemwe amene anapezeka, koma amene ankaponya miyala anali otsimikiza mumtima mwawo monga momwe timakhalira otsimikiza tikamva mfuu ya wakuba. Ndipo mfuu imeneyi aliyense akhoza kuiyambitsa: amene uli naye ngongole, amene mukulimbirana mkazi, ngakhale wakuba weniweniyo pofuna kusocheretsa omuthamangitsa. Taganizani za anthu amene amayenda usiku ku Ndirande. Ndi alonda opita ndi kuchokera ku ntchito, ogwira shifiti m'mafakitale a ku Makata, anamwino ndi odikirira odwala ochokera ku Queens, amayi olawirira kukapikula tomato ndi nsomba, mlendo amene wasochera pofuna nyumba ya m'bale wake m'tinjira topanda maina. Mudzi umene umapha pongomva mfuu ndi woopsa kwa anthu amenewa kuposa kwa mbava, chifukwa mbava imadziwa pothawira. Tisaiwalenso kuti kupha woganiziridwa ndi mlandu wakupha pansi pa gawo 209 la malamulo a milandu, ndipo masiku ano kanema amene timajambula monyadira ndi amene amasanduka umboni. Mnyamata amene anangoponyako mwala umodzi akhoza kukhala nthawi yaitali pa rimandi ku Chichiri kudikira mlandu wake, ana ake akuvutika, pamene mwini foni anagula kale ina.

Ena, amene ndimawaona kuti ndi odekha, amati chabwino tisawotche, koma apolisi ndi anyamata a neba, olondera m'mudzi usiku, apatsidwe mphamvu yosesa aliyense wopezeka panja usiku. Maganizo amenewa amamveka anzeru mpaka utakumbukira nkhani ya Mayeso Gwanda. Bamboyu anamangidwa mu Malichi 2015 m'bandakucha mu Blantyre akupita ku Limbe kukagulitsa majumbo, pa mlandu uja wa vakabu. Anakana kungovomera n'kulipira faindi monga ankachitira ambiri, ndipo mu Januwale 2017 bwalo lalikulu la milandu linagamula kuti gawo 184(1)(c) la malamulo a milandu, limene ankamangira anthu pongowaganizira, likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Mu 2022 bwalo lalikulu linagamulanso kuti mchitidwe wa apolisi wongosesa anthu mwachisawawa ndi wosemphana ndi malamulo, pa mlandu wochokera ku Kasungu. Ena anadandaula kuti makhoti akumanga manja apolisi. Koma kusesa kunkagwira yani? Kunkagwira ogulitsa malonda, omwa mowa, amayi oyendayenda ndi aliyense wosauka amene analibe galimoto yoyendera usiku. M'chitokosi munkadzaza, ziwerengero za omangidwa zinkakwera, wothyola nyumba ali phee kwawo kudikira kuti galimoto ya apolisi idutse.

Za neba ndili nawo mbali imodzi, koma ndi malire. Chitetezo cha m'madera chinayamba m'dziko muno mu 1997, ndipo lamulo la apolisi la 2010 limachizindikira. Lamulo limalolanso munthu wamba kugwira wopalamula, malinga amupereke kupolisi mosachedwa. Anyamata amene amagona panja ndi wisulo ndi tochi kuti ife tigone m'nyumba akugwira ntchito yeniyeni, ndipo kungodziwika kuti m'mudzi muno anthu amalondera kumabweza mbava zambiri. Vuto limabwera pamene gululo lilibe woliyang'anira. Tonse tamvapo za magulu amene amaimitsa odutsa n'kuwapisa m'matumba, amene amakwapula munthu asanamufunse dzina, kapena za nyumba zimene zimathyoledwa zikangolephera kupereka ndalama ya mwezi. Gulu lotere lasanduka chinthu chomwecho chimene linayenera kuthana nacho. Njira yake ndi yoti maina a olondera azidziwika kwa mfumu ndi kupolisi, asankhidwe pa msonkhano wa mudzi, avale zowazindikiritsa, ndalama yosonkha izikhala ndi lisiti ndipo iziwerengedwa poyera, ndipo wogwidwa aliyense azifika kupolisi alibe bala. Wolondera amene walipidwa bwino ndiponso akudziwa kuti akamenya munthu ayankha mlandu ndi amene ndingamukhulupirire pakhomo panga.

Mfundo ina imene imabwera nthawi zonse ndi yakuti apolisi ndi ochepa, ukaimba 997 amati galimoto palibe kapena mafuta atha. Apa sinditsutsa. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 800,264 mu mzinda wa Blantyre, ndipo chiwerengero chimenechi chakwera kuchokera pamenepo, pamene mbali yaikulu ya Ndirande galimoto singalowe n'komwe chifukwa nyumba zinamangidwa mothithikana popanda misewu. Koma ngati apolisi ndi ochepa, nzeru yake ingakhale yowotcha ofesi yawo pamene akana kupereka woganiziridwa kwa gulu, monga zachitikira m'madera angapo m'dziko muno? Polisi yuniti ikapsa, apolisiwo amasamutsidwira kwina, otsala opanda chitetezo ndi eni mudzi. Palinso nkhani ya ziwerengero. Apolisi akalengeza kuti milandu yatsika poyerekeza ndi chaka chatha, anthu m'makwalala amaseka, amati yatsika kuti? N'kutheka kuti onse awiri akunena zoona. Apolisi amawerenga zimene zalembedwa m'buku lawo, ndipo foni yolandidwa imene mwini wake sanakanene, m'bukumo mulibe. Tikasiya kukanena chifukwa chotaya mtima, pa pepala dera lathu limaoneka la mtendere, ndipo ogawa apolisi ndi magalimoto ku likulu amayang'ana pepalalo. Choncho kukanena, ngakhale ukudziwa kuti katundu wako sabwerera, kumathandiza kuti phungu ndi khansala akhale ndi chogwirika pokapempha apolisi owonjezera.

Otsiriza ndi amene amati zonsezi n'kutaya nthawi, gwero lake ndi umphawi, achinyamata alibe ntchito. Zoona, ndipo chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 moyo wa m'tauni wafika powawa. Koma osauka a ku Ndirande ambiri saba, ndipo obedwa ambiri ndi osauka omwewo, pakuti olemera ali ndi mipanda, agalu ndi makampani a alonda. Mayi wogulitsa mandasi sitingamuuze kuti adikire chuma cha dziko chikonzeke kuti ayambe kuyenda mosaopa.

Chimene angachione msanga ndi kuwala. Aliyense wokhala kuno akhoza kukutchulirani malo amene anthu amalandidwa: timilatho ta pa Nasolo, tinjira ta pakati pa mipanda, njira zodutsa kumanda ndi kuseri kwa masukulu. Malo amenewa si ambiri, ndipo chimene amafanana ndi mdima. Magetsi a sola sadalira ESCOM, ndipo mtengo wa nyali zokwanira malo oterewa suposa zitukuko zina zimene ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu, zimagwira chaka ndi chaka. Magetsi a mumsewu timawaona m'misewu ikuluikulu yodutsa magalimoto, pamene oyenda pansi, amene ndi amene amatemedwa, amalowa mumdima akangopatuka pa tala. Makhansala ndi aphungu a Ndirande ayende usiku umodzi ndi mafumu ndi anyamata a neba, alembe malowo, ndipo bajeti yotsatira tiione ikuwatchula maina. Wina adzati mabatire ndi mapanelo a nyalizo adzabedwanso. Adzabedwadi ngati pali wowagula, n'chifukwa chake nyali iliyonse iyenera kudindidwa nambala ya khonsolo yosafufutika, ndipo wopezeka nayo pa benchi kapena padenga la nyumba yake akayankhe gawo 328 kukhoti, mfumu ndi komiti ya msika atakhala kumbuyo ngati mboni.